Kukonza mawu a podcast: poyambira ndi pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wa ku Ndirande. Iye ndi mnzake amajambula pafoni macheza awo a za geni oti aziwaika pa intaneti ngati podcast, koma akuti akamvetsera, mawu amamveka ngati akuyankhulira m'mgolo, kumbuyo kuli phokoso la maminibasi. Funso lake ndi lakuti ayambire pati, ndipo agule pulogalamu iti.

Achemwali, musagule kanthu. Ikani Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, pa kompyuta. Ndi yaulere, ilipo kuyambira chaka cha 2000, ndipo imagwira pa Windows, Mac ndi Linux.

Koma ndiyambe ndi chimene chimandikhudza kwambiri: mawu abwino amapangidwa musanayambe kujambula. Kumveka ngati m'mgolo kuja ndi mawu anu omwe, akugunda khoma la simenti n'kubwerera. Zikalowa m'faelo, kuzichotsa ndi ntchito yowawa. Jambulirani kuchipinda kumene kuli matiresi, makatani ndi zovala zopachika, chifukwa zofewa zimamwa mawu. Foni ikhale pa airplane mode, pafupi ndi pakamwa ngati kutalika kwa chikhatho chotambasula, chammbali pang'ono kuti mpweya wa "p" usamaombe maikolofoni. Sankhani m'bandakucha, oyitanira asanadzuke. Ndipo mvula ikamagwa padenga la malata, ingodikirani ikate.

Mukayamba, khalani chete masekondi 10. Kachete kameneka kali ndi ntchito: mukasamutsira faelo ya mawuyo ku kompyuta, mu Audacity mumakasankha, n'kupita pa Effect, Noise Reduction, n'kudina Get Noise Profile. Apo pulogalamu yamva phokoso la chipinda chanu. Kenako sankhani faelo yonse, bwererani pomwepo, muchepetse phokosolo ndi 6 dB (dB ndi muyezo wa mphamvu ya mawu). Musapitirire 12, mawu angamveke ngati a munthu ali pansi pa madzi. Dziwaninso kuti njirayi imathandiza pa phokoso losasintha, monga la filiji kapena fani. Hutala ndi tambala sizimva zimenezi. Pamenepo bwerezani chiganizo nthawi yomweyo, cholakwikacho mudzachidula.

Pa kudula m'pamene oyamba kumene amaononga. Inenso gawo langa loyamba ndinachotsa kupuma konse, "eee" aliyense, mpaka mayi anga atamvetsera anandifunsa kuti ndikuthamangira kuti. Anali kunena zoona. Ife timacheza ndi "eti", "ndithu", "aaa inu", ndipo kukoma kwa macheza kuli mmenemo. Dulani pamene mwasochera, pamene mwatsokomola, pamene mwanena chimodzimodzi kawiri. Kuseka kwa mnzanuyo kusiyeni. Mukadula, bwererani masekondi ochepa mumvetsere ndi mahedifoni ngati mawu akulumikizana bwino.

Zotsalazo ndi zachangu. Pa Effect, Loudness Normalization, lembani -16 LUFS, muyezo wa kukwera kwa mawu umene Apple Podcasts imalimbikitsa. Tulutsani faelo ngati MP3, musankhe mono ndi 64 kbps kuti ikhale yaing'ono: mphindi 30 zimakhala pafupifupi 14 MB, ndiye bando ya womvera wanu siyitha msanga. Faelo yoyamba ija muisunge padera osaigwira, ndipo muzidina Ctrl+S pafupipafupi, poti magetsi satsanzika.

Musanatumize kwa anthu, mvetserani gawo lonse pa sipika ya foni ndi pa timahedifoni totchipa ta mumsika wa Limbe, chifukwa ambiri adzakumverani pa zimenezo. Gawo loyamba likatha, munditumizire pa imelo yomwe munandilemberapo ija, ndidzamvetsera.