Kodi tai chi angandipulumutse kwa achifwamba?

FUNSO: Akonzi, ndine mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, ndipo ndimanyamula anthu pakati pa boma la Mangochi ndi M'baluku. Kwa miyezi isanu tsopano ndakhala ndikuphunzira tai chi, masewera a ku China oyendetsa thupi pang'onopang'ono, pa foni m'mamawa uliwonse. Mphunzitsi wa mu kanemayo amati munthu akakhwimitsa mphamvu ya m'kati angathe kugwetsa mdani pongomukhudza. Kodi n'zoona, ndipo zingandithandize achifwamba atandiimika usiku? Wowerenga wa ku M'baluku.

YANKHO: Achimwene, zogwetsa munthu pongomukhudzazo muzisiye, chifukwa zimaoneka pokhapokha wogwayo akakhala wophunzira wa mphunzitsi yemweyo. Mu Epulo 2017, mumzinda wa Chengdu ku China, Xu Xiaodong, womenya nkhonya zosakaniza za MMA, anakumana ndi Wei Lei, yemwe ankadzitcha katswiri wa tai chi. Pasanathe theka la mphindi Wei Lei anali pansi atadziphimba kumutu, zibakera zikumugwera.

Komabe sikuti tai chi anayamba ngati gule. Tai chi pamodzi ndi xingyi ndi bagua ndi masewera amene Atchaina amawatcha a m'kati, chifukwa amatsindika kapumidwe, kaimidwe ndi kumasula thupi koposa kukula kwa minofu. Ku mudzi wa banja la Chen m'chigawo cha Henan, kumene mphunzitsi wotchuka Yang Luchan anakaphunzira masewerawa asanapite nawo ku Beijing, anthu ankaphunziranso kugwetsana ndi kugwira mkondo ndi lupanga. Mayendedwe 24 amene ali ponseponse m'makanema anakonzedwa mu 1956 ndi akuluakulu a zamasewera m'boma la China kuti anthu wamba azilimbitsa nawo thupi, ndipo ndikuganiza kuti ndi omwewo amene mukutsanzira.

Inu ndinu a kunyanja, choncho mundimvetsa. Mwana angathe kukhala m'bwato loguzidwira pamchenga n'kumapalasa ndi nkhafi chaka chathunthu, mkono n'kuzolowera ndithu, koma tsiku limene mwera udzamupeze pakati pa madzi adzazindikira kuti mchenga sunkamubwezera. Luso lomenyana limabwera pamene mnzanu akukana, akukunamizani ndi phewa, akukuombani pamphuno misozi n'kulengeza, inu n'kuphunzira kusatsinzina. N'chifukwa chake ankhonya, a judo ndi a sanda, nkhonya zamakono za ku China, amalimbana zenizeni pophunzira. Tai chi ali ndi gawo lokankhana manja awiriawiri, lomwe limaphunzitsa kumva kumene mnzanu walemera, koma nalonso silikonzekeretsa munthu chibakera chobwera mwaliwiro. Nanga foni ingakukankheni?

Musawasiye masewerawo, pakuti amathandiza kukhazikika kwa miyendo, moti madokotala amawalimbikitsa kwa okalamba pofuna kuchepetsa kugwa, ndipo msana wa munthu wokhala pachishalo tsiku lonse umafunika kuwongoledwa. Ngati mukufuna kudziteteza, pezani kumene achinyamata amaphunzira nkhonya pali mphunzitsi ndi magolovesi, muyese masabata angapo, mudzaone nokha zimene zatsala pa miyezi isanu ija.

Za usiku zija ndi nkhani ina. Olanda njinga kawirikawiri sabwera mmodzi, amakhala ndi zikwanje, ndipo nthawi zina mnzawo ndi amene mwamukweza kumbuyo kwanu, kumene maso anu sakuona. Kukada, musanyamule mlendo wokulozerani njira ya kutchire, muziuza anzanu a pa siteji kumene mukupita, ndipo akakuimikani atasolola chikwanje, asiyireni njingayo mukanene kupolisi.