Chiyankhulo choyamba kuphunzira ngati mukufuna kukaoda katundu kunja

Achemwali, mwafunsa ngati muyambe Chitchaina kapena Chifalansa, poti mwamva kuti ndi zina mwa ziyankhulo zikuluzikulu padziko. N'zoona kuti Chingerezi, Chimandarini cha ku China, Chihindi ndi Chisipanishi zili ndi anthu ochuluka zedi. Koma pa geni yathuyi musayang'ane kuchuluka kwa anthu. Yang'anani boda imene katundu wanu adzadutsire pobwera ku Zomba.

Chingerezi chokha musachinyalanyaze, chifukwa mafomu a MRA ndi malisiti a msonkho amalembedwa m'Chingerezi. Muzitha kuwerenga nokha dzina la katundu, kuchuluka kwake ndi mtengo umene walembedwa musanasaine. Wina akakulemberani molakwika, msonkho ukwera ndipo wolipira ndinu.

Ngati mudzapikula zitenje, nsapato ndi ziwiya ku Kariakoo ku Dar es Salaam, kapena pafupi ku Kyela ndi Mbeya kudzera pa Songwe, gwirani Chiswahili. Yambani ndi manambala. Elfu ndi 1,000, laki ndi 100,000, choncho "laki mbili na nusu" ndi mashilingi 250,000. Pofunsa mtengo nenani kuti mukufuna wa jumla, wa opikula. Mukangoti "bei gani" akupatsani wa rejareja, wa ogula chimodzichimodzi. Chimene chimachititsa anthu kusiyidwa ndi basi ndi kawerengedwe ka nthawi. Olankhula Chiswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, ndiye "saa moja asubuhi" ndi 7 koloko m'mawa, "saa kumi jioni" ndi 4 koloko madzulo. Pogula tikiti muwapemphe akulozereni pa wotchi.

Ku Mozambique nkhani ndi yofewerapo kwa ife a kuno. Ku Mandimba kudzera pa Chiponde, Chiyao chimayenda bwino mumsika, ndipo ku Milange kudzera pa Muloza Chichewa ndi Chilomwe zikuthandizani. Chipwitikizi chimafunika mukafika pa ofesi, pa apolisi apamsewu ndi pa mapepala. Tcherani khutu pa sessenta ndi setenta, 60 ndi 70, amamveka mofanana m'phokoso. Pa lisiti amaika dontho pamene ife timaika chizindikiro cha koma (,): 1.500,00 ndi mametikali 1,500. Ngakhale opita ku Johannesburg amadutsa Zóbuè ndi Tete asanafike pa Nyamapanda ndi Beitbridge, ndiye manambala a Chipwitikizi awadziwe.

Ku Chipata kudzera pa Mchinji simusowa kanthu, Chinyanja chawo ndi chathu chomwechi.

Chitchaina chidikire mpaka mpamba utakula moti n'kukaoda ku Guangzhou kapena ku Yiwu, ndipo ngakhale kumeneko mtengo amakambirana pa kakyuleta ndi pa foni. Chifalansa n'cha amene akuloza ku Lubumbashi ku DRC, komwenso Chiswahili chimamveka. Ine ndingakulangizeni Chiswahili poyamba: manambala, nthawi, mitundu ya nsalu ndi masaizi, muziyeseza mokweza mpaka muthe kumva mtengo osabwereza kufunsa.