Mwana ali ndi mphumu, ndalama n'zochepa: mugule mankhwala ati?

Mayi ena a ku Zomba atilembera imelo. Mwana wawo wa zaka 8 ali ndi mphumu, ndipo kukazizira amabanika pafupifupi sabata iliyonse. Kuchipatala amangolandira mapiritsi a salbutamol chifukwa opopera amakhala atatha. Ku famase aliko koma ngodula, komanso achibale akuwaopseza kuti mwana akayamba kupopera azolowera. Akufunsa chochita.

Mayi, mankhwala opopera sazoloweretsa ayi. Kupopa kamodzi kumatulutsa mamaikulogalamu 100 a salbutamol olunjika m'mapapo, pamene piritsi limodzi lili ndi mamiligalamu 2 kapena 4, kutanthauza kuchuluka ka 20 kapena ka 40, ndipo limazungulira thupi lonse. N'chifukwa chake mwana akamwa mapiritsi manja amanjenjemera, mtima uli thithithi, koma chifuwa chikuchedwa kumasuka.

Opoperawo alipo amitundu iwiri, ndipo ndalama za anthu ambiri zimathera pa kusadziwa kusiyana kwake. Salbutamol, amene kawirikawiri amakhala wabuluu, amatsegula njira za mpweya m'mphindi zochepa koma sachiza kutupa kwa m'kati. Wochotsa kutupako ndi beclometasone, nthawi zambiri wabulawuni. Ameneyu amapopedwa tsiku lililonse, mwana akudwala kapena ayi, ndipo phindu lake limaoneka pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Apa mpamene ambiri amamusiya, amvekere sakugwira ntchito. Kachitini kamodzi kali ndi mapopedwe 200. Dokotala akalemba kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo, kamatha masiku 100. Yerekezani mtengo wake ndi ndalama ya kabaza wa usiku, masiku ogonera kuchipatala ndi geni yoima. Wabuluu asasowe m'nyumba, koma kumaliza zitini zitatu kapena kuposa pachaka ndi chizindikiro choti mphumuyo sikulamulirika.

Chipangizo chopumiramo, chimene amalumikiza ku kachitini kuti mwana azipuma mankhwalawo mosavuta, musagule. Kafukufuku wa ku Cape Town anasonyeza kuti botolo lapulasitiki la mamililita 500 limagwira ntchito mofanana nacho. Boolani kumatako kwa botolo bowo longokwana kamwa ya kachitini, osasiya mpata. Litsukeni ndi madzi a sopo n'kulisiya liume lokha. Mukalipukuta ndi nsalu, mankhwala amakakamira m'mbali. Khutchumulani kachitini, mwana alume kukamwa kwa botolo, popani kamodzi, apume kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Mukapopa kangapo nthawi imodzi, mankhwala ambiri amangotsalira m'botolomo. Akatha kupopa wabulawuni achukuche m'kamwa n'kulavula, kupewa zilonda zoyera palilime.

Vutoli si lanu nokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu 262 miliyoni anali ndi mphumu ndipo 455,000 anamwalira, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka, kumene opopera amasowa. Zimatipweteka chifukwa beclometasone ndi wakale, si wodula kupanga, ndipo ali pamndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kupezeka paliponse. Akasowa, mwana amene akanakhala m'kalasi amakatenga bedi ndi okosijeni zimene wodwala chibayo akuzifunanso. Choncho kuchipatala cha boma, komwe mankhwala ndi aulere, mutchuleni beclometasone ndi dzina, mupemphe kuti alembe m'buku la kuchipatala ndiponso akutumizeni ku kiliniki ya matenda a mgonagona. Ku famase funsani dzina la mankhwala, osati la kampani. Salbutamol wamba ndi yemweyo ali mu Ventolin.

Pophika, mwana atalikire utsi wa nkhuni ndi mbaula, ndipo koilo ya udzudzu ilowedwe m'malo ndi neti.

Akabanika kwambiri, mukhazikeni tsonga, mupope wabuluu kanayi mpaka kakhumi, kamodzikamodzi kudzera m'botolo, n'kubwereza pakatha mphindi 20. Ngati akulephera kumaliza chiganizo, pakati pa nthiti pakulowa m'kati, milomo yasintha mtundu kapena wayamba kusinza, nyamukani nthawi yomweyo, mukupopera m'njira.