Vitz yanuyo musaitsegulitse injini musanaone fani ndi chivindikiro

Achimwene, pepani ndi vutoli. Mwati Toyota Vitz ya 2008 munagula kwa munthu ku Lilongwe konkuno miyezi iwiri yapitayo, ndipo kanyali kofiira kosonyeza kuti injini yatentha kwambiri kamayaka mukakhala pamzere wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe masana, koma mukatuluka m'tauni kulowera ku Dedza kamazima. Makaniko wina akuti gasiketi, chomatira pakati pa hedi (mutu wa injini) ndi thunthu lake, yapsa, atsegule injini. Winayo akuti angochotsa thermostat, kachitseko ka njira ya madzi a injini, zithe. Ine ndikuti onse awiriwo muwauze ayambe adikira.

Yankho mwalitchula kale nokha osadziwa. Galimoto yotentha ikaima, n'kumazizira ikathamanga, nthawi zambiri imakhala ikusowa mphepo pa rediyeta. Mukamathamanga pa M1 mphepo imalowa yokha kutsogoloko. Mukaima pamzere, mphepo yonse imachokera ku fani, ndiye fani ikagona madzi amawira. Zikanakhala kuti m'tauni ili bwinobwino koma imatentha mukaponda kwambiri kapena pokwera chitunda ngati cha Golomoti chija, ndikanakuuzani zina: rediyeta yatsekeka m'kati, pampu ya madzi yatha mapiko, kapena thermostat sikutseguka mokwanira. Choncho makaniko amene sanakufunseni kuti imatentha nthawi yanji, koma wathamangira kutchula gasiketi, ameneyo akuombeza ula.

Mawa m'mawa, injini isanalizidwe, tsegulani boneti. Ndikubwereza: isanalizidwe, ili yozizira. Chivindikiro cha rediyeta sachitsegula injini ili yamoto, madzi ake amatumpha ngati akasupe ndipo amasupula khungu la nkhope ndi manja. Mukatsegula, madzi akhale odzadza mpaka pakhosi, ndipo m'kachigubu kapambali kaja akhale pakati pa mizere iwiri ija. Anthu ambiri amangoyang'ana kachigubuko n'kumati madzi alimo, pamene rediyeta ili pakati. Onaninso mtundu wa madziwo. Akakhala apinki, ofiira kapena obiriwira, mwini wake wakale ankasamala. Akakhala ngati a m'chithaphwi, odzadza dzimbiri, dziwani kuti galimotoyo yakhala ikumwa madzi a pampopi kapena a pamjigo kwa zaka.

Mukatero tsekani, lizani injini, yatsani AC. Pa timagalimoto timeneti fani imayenera kuyamba kuzungulira AC ikangogwira. Ikapanda kuzungulira, yambani ndi fyuzi ndi relay (kaswichi kamagetsi koyatsa fani) m'kabokosi kakuda ka pafupi ndi batire. Pansi pa chivindikiro chake pali chithunzi chosonyeza malo a chilichonse. Zimenezo zikakhala bwino, wamagetsi a galimoto ayese mota ya faniyo poipatsa moto kuchokera ku batire. Mota yokalamba ili ndi khalidwe loipa: lero izungulira, mawa ikana, kapena izungulira mwaulesi moti ukaika dzanja kumbuyo kwake mphepo yake sikusiyana ndi ya munthu wopemerera moto. Ikazungulira ndi AC, zimitsani ACyo, isiyeni injini ilire chiimire muone ngati fani iyamba yokha injini ikatentha. Ikafika poyatsa kanyali kofiira fani ili duu, vuto likhoza kukhala pa sensa ya kutentha, relay kapena mawaya. Manja ndi malaya zikhale kutali, fani yamagetsi siichenjeza poyamba.

Tsono chivindikiro. Kanthu kameneka anthu amakapeputsa chifukwa n'kotchipa, koma taonani ntchito yake. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere. Lilongwe ali pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, ndiye kuno madzi a mumphika wosavindikira amawira pa 96 kapena 97. Injini ikaima pamzere imafika cha pomwepo mwachibadwa, isanadwale n'komwe. Chimene chimaletsa madziwo kuwira ndi chivindikiro chija, chifukwa chimapanikiza mpweya m'katimo. Pamwamba pake pamalembedwa nambala ya mphamvu yake yopanikizira, 0.9 kapena 1.1, ndipo cha 1.1 chikakhala chabwino madzi amatha kufika cha m'ma 120 osawira. Labala wake akang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, madzi amabwata msanga, n'kuthawira m'kachigubu, n'kutayikira pansi, ndipo tsiku lililonse mumakhala mukuthira botolo limodzi osaona podontha. Gulani chatsopano cha nambala yofanana ndi chimene chilipocho, ku sitolo yodalirika, osati zonyezimira za pamsika zosalembedwa dzina.

Ine ndinaphunzira zimenezi ndi Corolla yanga yakale, mwezi wa Okutobala, pokwera Thabwa kuchokera ku Chikwawa. Inawira pakati pa phiri, ana ali m'mbuyo, dzuwa lili paliwombo. Makaniko wina ku Blantyre, osayesa chilichonse, anati gasiketi. Ndinalipira, anatsegula, anasintha, ndipo patangotha milungu itatu inawiranso pamalo omwewo. Mkulu wina wokonza marediyeta ndi amene anangoyendetsa chikhatho pa rediyeta injini itazimitsidwa, n'kundigwiritsa ine: m'mbali moto, pakati pozizira ngati mwala wa kudambo. Timachubu tapakati tinali titatsekeka ndi dzimbiri. Ndalama za gasiketi zija zinangopita m'madzi, ndipo gasiketi yakaleyo mwina inalibe mlandu.

Za kuchotsa thermostat ndikanitsitsa. Ndikudziwa, m'magalaja ambiri amati chimenechi ndi cha ku Japan kozizira, kuno n'kotentha sichifunika. Si zoona. Thermostat ndi chitseko chimene chimasunga madzi mu injini mpaka atafika madigiri oyenera, pa ma Toyota ambiri 82, ndipo nambalayo imalembedwa pa iyo yomwe. Mukaichotsa injini imachedwa kutentha, kompyuta ya galimoto imaona ngati kukadali m'mawa n'kumathira petulo wambiri, ndipo ndi mmene mafuta akuvutiramu simungafune zimenezo. Injini yoyenda yozizira imathanso msanga. Komanso pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatseka kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini. Ikachotsedwa, madzi ena amoto amangozungulira momwemo osapita ku rediyeta. Ngati mukuikayikira, aichotse, muiponye mumphika wa madzi pa mbaula muone: iyenera kuyamba kutseguka madzi asanawire, n'kutsekanso akazizira. Ikakana, gulani ina. Poika, kabowo kakang'ono kokhala ndi kachitsulo kogwedera kayang'ane kumwamba kuti mpweya uzituluka.

Popeza galimotoyi mwagula kwa munthu, fufuzani ngati sanachite kale zimenezi kuti abise matenda. Vitz ya chaka chimenecho ilibe muvi wosonyeza kutentha, ili ndi tinyali tiwiri basi, kosonyeza kuzizira ndi kofiira. Kozizirako kamayenera kuzima mukayenda mphindi zochepa. Kakamachedwa kwambiri, kapena kakamayakanso mukutsetsereka phiri m'mawa, thermostat mulibe kapena inakanirira chotsegula. Fani ikamayamba kulira mukangotembenuza kiyi injini ili yozizira, AC ili yozimitsa, mwina wina anailumikiza dairekiti. Zizindikiro ziwirizi zikapezeka pamodzi, wogulitsayo ankadziwa kuti galimoto yake imawira. Kusowa kwa muvi kumatanthauzanso kuti kofiirako kakayaka zinthu zafika kale patali. Musamati ndingofika pa Area 18. Patukani, zimitsani, dikirani theka la ola kapena kuposa. Ngati palibiretu poima, zimitsani AC, tsegulani hita mpaka kumapeto ndi mawindo onse. Mutuluka thukuta koma hitayo imachotsako moto wa injini kwa mphindi zingapo. Ndipo musathire madzi ozizira mu injini yamoto, hedi yake ndi ya aluminiyamu, imapindika.

Sindikunena kuti gasiketi singakhale itapsa. Galimoto imene yawira kangapo ikhoza kuipsereza ndithu, ndipo mwati yanu yayatsa kofiira kanayi. Koma gasiketi ili ndi umboni wake. Injini ili yozizira, chivindikiro chili chotsegula, mukailiza mumaona thovu likutuluka pakhosi pa rediyeta mosalekeza. Chivindikiro chikakhala chotseka, paipi yapamwamba imalimba ngati tayala patangopita mphindi imodzi kapena ziwiri, madzi asanatenthe. Ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wonunkhira motsekemera ngakhale mutayenda mtunda wautali, osati kanthunzi ka m'mawa wa mu Juni kamene galimoto iliyonse imatulutsa. Oilo pa kachitsulo koyezera amaoneka ngati tiyi wamkaka. M'mawa injini imadumphadumpha kaye, ndipo mukachotsa mapulagi imodzi imakhala yoyera ngati yochapa pamene anzake ndi akuda. Magalaja okhala ndi zida ali ndi kabotolo ka mankhwala a buluu kamene amaika pakhosi pa rediyeta. Utsi wa injini ukamalowa m'madzi, mankhwalawo amasanduka achikasu. Ali ndinso kapampu kopopera mpweya mu rediyeta, kamene kamaulula podontha paliponse. Makaniko wanuyo akuonetseni chimodzi mwa zimenezi ndi maso anu asanagwire sipanala. Zikatsimikizika, hedi ipite kwa oyeza ndi kupala, ndipo chimene chinayambitsa kuwirako chipezeke, apo ayi gasiketi yatsopanoyo ipsanso ngati yanga ija.

Mukadali pansi pa boneti, yang'anani mutu wa rediyeta. Ndi wapulasitiki, ndipo ukakalamba umasintha kuchoka pa kuda n'kukhala wofiirira, kenako umang'aluka kamzere kosaoneka bwino kamene kamadontha injini ikatentha yokha. Madontho ouma apinki kapena oyera pamenepo, pa zomangira mapaipi kapena pansi pa pampu ya madzi, ndiye podontha pake. Suzumiraninso kutsogolo, pakati pa kondensa ya AC ndi rediyeta: udzu, tizilombo ndi fumbi la misewu yathu zimamanga chikhoma pamenepo. Tsukani ndi paipi ya madzi mofatsa kuchokera kumbuyo, osati ndi makina amphamvu a kotsukira magalimoto amene amapinda timapiko.

Wina akakuuzani kuti thirani dzira, fodya kapena sopo mu rediyeta kuti podontha patsekeke, mungomuthokoza n'kumapita. Zimatseka podonthapo limodzi ndi timachubu tabwinobwino.

Zonse zikakonzedwa, tsukitsani njira yonse ya madzi muthire coolant weniweni, madzi a mankhwala a mu rediyeta aja. Ntchito yake si kuletsa madzi kuundana kokha monga amanenera ena. Amateteza dzimbiri, amasamala labala wa pampu, ndiponso amachedwetsa kuwira. Wapinki wa Toyota amabwera wosakaniza kale, sathiramo madzi, ndipo eni ake amati woyamba asinthidwe pa makilomita 160,000, kenako pa 80,000 aliwonse. Mukagula wofunika kusungunula, sakanizani theka ndi theka ndi madzi osungunulira a batire, aja opanda asidi, osati a pamjigo amene mchere wake umamanga miyala m'kati monga umachitira m'ketulo. Mitundu yosiyana musaphatikize. Pothira, hita ikhale yotsegula ndipo injini ilire mpaka thovu la mpweya litatha, chifukwa mpweya wotsalira umawiritsanso galimoto yopanda vuto lililonse, ndipo mawa lake m'mawa muonjezere pamene patsika.

Yesani za fani ndi AC zija mawa, mujambule chivindikirocho mbali ya labala ndi madzi a pakhosi pa rediyeta, mutitumizire zithunzizo. Mutiuzenso ngati kanyali kozizira kamazima musanafike pamsewu waukulu kuchokera kwanu. Kufikira nthawi imeneyo, m'tauni masana muziyenda pa minibasi.