Kutentha thupi kobwerabwera: ndi lupus kapena FMF?

Mayi wina wa ku Rosettenville, muno mu Johannesburg, wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 19 amatentha thupi mwezi ndi mwezi, mawondo kuphwanya, m'mimba kupota, kenako n'kuchira yekha. Akayezetsa malungo, sapezeka. Azakhali a mwanayo ali ndi lupus, ndiye mayiwa akufunsa ngati lupus ili pachibale ndi matenda otentha thupi akumtundu omwe awerenga pa intaneti.

Mayi, zizindikiro zimafananadi: kutentha thupi, kutupa kwa mfundo, zidzolo, kubaya m'chifuwa. Gwero ndiye losiyana. Pa lupus ndi anzake monga scleroderma (matenda oumitsa khungu), chitetezo cha m'thupi chimapanga asilikali oukira thupi lomwelo, ndipo kawirikawiri amaoneka poyeza magazi kotchedwa ANA. Pa familial Mediterranean fever, mwachidule FMF, amodzi mwa matenda akumtundu aja, vuto lili pa jini (kachidutswa ka chibadwa chochokera kwa makolo) yotchedwa MEFV, yomwe inadziwika mu 1997. Thupi limangoyamba kutupa lokha popanda asilikali amenewo. Limatentha tsiku limodzi mpaka atatu, munthu n'kubwerera mwakale ngati sanadwale. Mnzake TRAPS, yemwenso ndi matenda otentha thupi akumtundu, amagoneka munthu sabata kapena kuposa. Lupus siitero. Imakhalitsa, ndi kutopa, kuthothoka tsitsi, zilonda m'kamwa ndi zidzolo za m'masaya zomwe zimakula ndi dzuwa.

Pomwe amakumana pali ndithu. Odwala FMF amapezeka ndi kutupa kwa mitsempha ya magazi kawirikawiri kuposa anthu ena, ndipo matenda onsewa amatha kuwononga impso mwakachetechete. N'chifukwa chake wodwala FMF amamwa colchicine tsiku lililonse, mankhwala omwe anayamba kugwira ntchitoyi mu 1972.

Koma ine ndikanayambira pa lupus. FMF imapezeka kwambiri mwa anthu a ku Turkey ndi Armenia, Aluya ndi Ayuda, pomwe lupus imakonda atsikana ndi amayi achikuda, ndipo m'banja mwanu ilimo kale. Musathamangire kulipira zoyeza majini. Pali kusintha kwina pa jini ya TRAPS komwe anthu ambiri a ku West Africa ali nako osadwala n'komwe, moti pepala lotere likhoza kungokuopsezani.

Choyamba akukiliniki amuyeze TB ndi HIV, ndi malungonso ngati mwanayo anapita kumudzi posachedwa, poti muno mu Johannesburg safala. Kenako pemphani kalata kukiliniki yopitira kwa madokotala a nyamakazi kuchipatala cha Charlotte Maxeke kapena cha Bara (Chris Hani Baragwanath). Mutenge kabuku kolembamo tsiku lomwe kutentha kwayamba, kwafika madigiri angati, ndi tsiku lomwe kwatha. Muwapemphe ayezenso mkodzo, ngakhale tsikulo mwanayo akhale ali bwinobwino.