Kuchokera ku Lumbadzi kukafika ku Joni: ndi maola angati kwenikweni?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25, ku Lilongwe. Akufuna kukaona mdzukulu wawo wobadwa kumene ku Joni, ndipo aka n'koyamba kukwera ndege. Mwana wawo wawatumizira matikiti awiri oti asankhepo, ina ikuonetsa maola awiri ndi theka, inayo kupitirira maola atatu ndi theka. Funso lawo n'lakuti Joni ali kutali bwanji, ndipo chikusiyanitsa nthawizi n'chiyani.

Amayi, kuchokera pa bwalo la Kamuzu International ku Lumbadzi kukafika pa bwalo la O.R. Tambo ku Joni, ndege ikawongoka imayenda makilomita pafupifupi 1,500. Ikakhala pamwamba imathamanga makilomita oposa 800 pa ola, ndiye mukawerengetsa mupeza kuti si maola awiri okwana. Koma nthawi yolembedwa pa tikiti imayamba ndege ikangosuntha pomwe inaima. Imayenda kaye pang'onopang'ono kupita pothamangira, imakwera, ikayandikira imachepetsa liwiro, ndipo pa O.R. Tambo ndege ndi zambiri moti nthawi zina imadikira mpata wotera. Maola awiri ndi thekawo amachokera pamenepo.

Tikiti yaitaliyo ndikukhulupirira kuti ikudzera ku Blantyre. Ndege imanyamuka ku Lilongwe, osakwana ola yatera pa Chileka, ena atsika ena akwera, kenako n'kulowera ku Joni. Yang'anani pa tikitiyo ngati pali zilembo BLZ (Blantyre) pakati pa LLW (Lilongwe) ndi JNB (Joni). Mtengo ukakhala wotsikirapo, ine sindingaikane, poti ola limodzi si kanthu kwa munthu amene anayendapo pa basi ya ku Joni kudzera ku Tete, Nyamapanda ndi Harare, n'kukagona pa mzere ku Beitbridge miyendo itatupa. Yoti muikane ndi yokhala ndi ADD. Imeneyo imakutengerani kaye kumpoto, ku Addis Ababa, musanabwerere kummwera, ndipo tsiku lonse lithera panjira.

Wotchi yanu musaikhudze. Nthawi ya kuno ndi ya ku South Africa ndi imodzi, ikakhala 10 koloko ku Lilongwe ndi 10 koloko ku Joni.

Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti ulendowu umatha nthawi yambiri pansi kuposa mumlengalenga. Pabwalo muzifika kutatsala maola awiri kapena atatu, kuti apime katundu ndi kudinda pasipoti mosathamanga. Kwa inu a ku 25 Lumbadzi ndi pafupi, koma M1 sayiderera m'mawa. Mukatera, bwalo la O.R. Tambo ndi lalikulu kwabasi, muyenda wapansi ndithu musanafike pomwe amadinda mapasipoti, ndipo mzere wake ukakumana ndi ndege zina zazikulu umatha kudya ola lathunthu. Kenako mudikire chikwama.

Muuzeni mwanayo asafike pabwalo pa nthawi yolembedwa pa tikiti, angotopa ndi kuimirira. Awonjezere ola. Bwalolo lili ku Kempton Park, kum'mawa kwa mzinda, ndiye ngati amakhala chaku Sandton mukhoza kukwera sitima ya Gautrain, mphindi 15 zokha mwafika. Ndipo ngati mukupita mu June kapena July, juzi ikhale m'manja osati m'chikwama. Joni ali pamtunda kuposa Lilongwe, kuzizira kwake kumaposa kwa ku Dedza.