Achimwene, mutu wanuwo ndi waukulu, utsitseni ufike kuno kuchigwa

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi digiri ya MBA, mumagwira ntchito yowerengera ndalama ku Nchalo, ndipo mukufuna kufunsira malo a udokotala wa maphunziro a bizinesi. Akuuzani kuti mutumize pulopozo, chikalata chofotokoza kafukufuku yemwe mukufuna kuchita, ya mawu pafupifupi 2,000. Mutu womwe mwasankha ndi wa mavuto a mabizinesi ang'onoang'ono m'Malawi, koma papita masabata atatu pepala likadali loyera. Ndiyankha motalikirapo chifukwa njira imeneyi ndinadutsamo, ndipo ndinapunthwa pa chitsa chomwechi.

Chikukuimitsani ndi kukula kwa mutuwo. Mabizinesi ang'onoang'ono ake ati? Wakabaza wa pa Dyeratu, mayi wa kaunjika ku Limbe, wa chigayo ku Mzimba ndi wogula mbuzi pa Ngabu onsewa ndi abizinesi ang'onoang'ono, koma chimene chimamusowetsa tulo wina sichimukhudza mnzake. Pulopozo yanga yoyamba inali yoteroyo. Ndinalemba masamba asanu ndi atatu okamba za kusowa kwa mpamba, misewu yoipa ndi chiwongoladzanja chokwera, ndikudziwa kuti zonse ndi zoona. Yunivesite ina inandibwezera ndi mawu ochepa chabe, akuti ndafotokoza bwino dera lomwe ndikufuna kuyendamo koma funso sindinafunse. Zinandiwawa mwezi wathunthu, komabe ankanena zoona. Amene amawerenga mapulopozo amafuna aone ngati mungathe kufunsa funso limodzi lomwe silinayankhidwe, ndi kusonyeza kuti mungaliyankhe m'zaka zitatu kapena zinayi ndi ndalama zomwe mungazipezedi.

Musanapite patali, onetsetsani kuti mukufunsira chiyani, PhD kapena DBA, chifukwa m'funso lanu mwatchula zonse ziwiri ngati chinthu chimodzi. Ya PhD imafuna kuti muwonjezere kanthu pa maganizo omwe akatswiri amagwiritsa ntchito pofotokoza m'mene malonda amayendera. Ya DBA anaikonzera anthu omwe ali kale pantchito ngati inuyo: mumatenga vuto lenileni la m'kampani kapena m'gawo lina la malonda n'kulifufuza mwaukatswiri, kuti oyendetsa bizinesi apindule nazo. Mawu oyamba a pulopozo amasiyana malinga ndi komwe mukulowera. Werenganinso zomwe sukuluyo yalemba pa tsamba lake, chiwerengero cha mawu ndi zigawo zomwe akufuna, ndipo muzitsate ndendende.

Tsopano nkhani yeniyeni. Inu mumakhala m'chigwa momwe mafunso abwino a bizinesi ali mbwee, mwangowazolowera n'chifukwa chake simukuwaona. Tengani thonje. Tonse tikudziwa m'mene zimakhalira: kampani yogula thonje imapereka mbewu ndi mankhwala pangongole, pogwirizana kuti mlimi adzagulitsa kwa iyo n'kudula ngongoleyo. Thonje likayera m'munda, mavenda amafika pakhomo ndi sikelo yawo yopachika pamtengo ndi ndalama zapamanja. Ndinakhalapo pakhonde la malume anga kufupi ndi Ngabu tsiku lina lotere. Zibale za thonje zinali zitasanjikidwa kuseri kwa nyumba, mwana anali atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndipo venda anaima pabwalo njinga ili chiimire, osakakamiza, kungodikira. Malume anakhala chete nthawi yaitali, kenako anatulutsa zibale ziwiri zokha, zinazo n'kusungira kampani. Sanali munthu wachinyengo. Anawerengera kuti pangano alidule pati kuti mwana abwerere m'kalasi koma chaka chamawa asadzamanidwe mbewu.

Pamenepo pali PhD yathunthu. Funso lingakhale lakuti: n'chiyani chimachititsa alimi ena a thonje ku Chikwawa ndi Nsanje kusunga pangano ndi kampani pomwe anzawo amagulitsa kumbali, ndipo madzi osefukira akawononga chuma chapakhomo, khalidweli limasintha bwanji? Taonani kuti funsoli lili ndi anthu ake, malo ake, ndi chinthu choti n'kuchiyeza. Ngati thonje silikukusangalatsani, palinso nzimbe. Alimi a ku Kasinthula ndi a kopaletivi ya Phata amalima pamodzi n'kumagulitsa ku fakitale ya shuga ya ku Nchalo, ndipo munthu angafunse kuti kayendetsedwe kotani ka kopaletivi kamathandiza kuti mamembala azikhulupirira atsogoleri awo pogawana phindu. Funso limeneli n'lofunika kwambiri panopa, poti ngalande ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira ikudalira kuti alimi aphatikize minda yawo n'kumalima ngati bizinesi. Kapena banki mkhonde: gulu limapulumuka bwanji mamembala onse akakokoleredwa katundu usiku umodzi, aliyense n'kufuna kubwereka koma wobweza palibe?

Mukapeza funso, likufunika msana, ndiye kuti maganizo a akatswiri omwe mudzayezere zomwe mwapeza. Azungu amati theory, ndipo anthu amaopa dzinali pachabe. Pa nkhani ya thonje ija, werengani za Oliver Williamson, amene anafotokoza chifukwa chomwe mapangano a malonda amavutira kusunga ngati mbali imodzi yaika kale chuma chake ndipo inayo ili ndi mpata wothawa. Pa makopaletivi ndi madzi a mthirira, werengani za Elinor Ostrom, amene anafufuza m'mene anthu wamba amadzipangira malamulo osamalira chuma cha onse popanda boma kuwaimirira pamutu. Awiriwa analandira limodzi mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2009. Sankhani msana umodzi, mukachulutsa awiri. Pulopozo yotchula maganizo asanu ndi limodzi imaonetsa kuti wolembayo sanagwire ngakhale amodzi.

Gawo la literature review, lofotokoza zomwe ena analemba kale pa nkhaniyo, ndi pomwe ambiri timanama osadziwa. Timalemba kuti palibe amene anafufuzapo nkhaniyi ku Chikwawa, ndiye ine ndifufuza. Zimenezo sizikwanira, achimwene. Wowerenga ali ku Pretoria kapena ku Manchester adzafunsa kuti nanga Chikwawayo itiphunzitsa chiyani chomwe sitikuchidziwa kale kuchokera ku Zambia kapena ku India, komwenso amalima thonje pamapangano? Yankho muli nalo. Kuno madzi anasefukira koopsa mu Januwale 2015, anabweranso mu Malichi 2019 nthawi ya Idai, kenako namondwe Ana mu Januwale 2022 yemwe anagumula damu la Kapichira, ndi Freddy mu Malichi 2023. Ndi malo ochepa kumene mlimi mmodzi yemweyo wagwetsedwa kanayi m'zaka zosakwana khumi n'kumayambiranso bizinesi. Maganizo ambiri a m'mabuku amaona ngozi ngati chinthu chobwera kamodzi. Chigwa chathu chingayese ngati maganizowo amaimabe pomwe ngozi yasanduka mlendo wa chaka ndi chaka. Kumeneko ndiye kuwonjezera nzeru komwe akufuna. Kuti mufike poterepa, lowani pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo zolemba za akatswiri, pezani mapepala 25 kapena 30, ambiri akhale a zaka zaposachedwa, ndipo pa lililonse lembani m'kope zinthu zinayi: anafufuza kuti, anafufuza bwanji, anapeza chiyani, anasiya chiyani. Mukafika pa pepala la 20 mudzaona nokha mpata uli pululu.

Pa methodology, gawo la njira yofufuzira, musathamangire kulemba kuti mudzagwiritsa ntchito njira zonse ziwiri, ya manambala ndi ya kucheza ndi anthu, pongofuna kuoneka ozama. Funso ndilo limasankha njira. Ngati mukufuna kudziwa kuti ndi angati ndipo zikugwirizana ndi chiyani, mukufunika mafunso olembedwa ndi anthu ochuluka osankhidwa mwadongosolo. Ngati mukufuna kumvetsa chifukwa chomwe malume anatulutsira zibale ziwiri osati zonse, mukufunika kukhala pamphasa ndi anthu ochepa kwa nthawi yaitali. Nenani kuti mudzafunsa ndani, angati, mudzawapeza bwanji, ndipo m'chilankhulo chanji. Ku Nsanje mafunso a Chingerezi otembenuzidwira m'Chichewa cha ku Lilongwe sangakupatseni zenizeni. Lembani kuti mudzacheza nawo m'Chisena ndi m'Chimang'anja, ndipo ngati mumalankhula nokha, nenani, chifukwa ndi mphamvu yomwe wofunsira malo wina alibe. Tchulaninso zomwe zilipo kale, monga kalembera wa 2018 ndi kafukufuku wa m'makomo wa 2019/20 wa ofesi ya National Statistical Office ku Zomba.

Pali chinthu china chokhudza inuyo panokha. Ngati alimi omwe mudzawafunse amachita malonda ndi komwe mumagwira ntchito, adzakuonani ngati diso la abwana, ndipo adzakuuzani zokoma zokhazokha. Musabise zimenezi m'pulopozo. Fotokozani m'mene mudzatetezere maina awo, kuti aliyense adzavomera yekha asanafunsidwe, ndi kuti mudzapempha chilolezo ku komiti yoona za ufulu wa anthu ofunsidwa, ya payunivesite kapena ya pansi pa National Commission for Science and Technology, komanso kudziwitsa a DC ndi mafumu musanalowe m'mudzi. Owerenga amakhulupirira munthu amene waona yekha pomwe angaterereke.

Ndondomeko ya nthawi ilembedwe ndi munthu wodziwa kuno. Musaike kafukufuku wa m'midzi mu Januwale kapena Febuluwale ngati mukufuna kukafika ku Makhanga kapena madera ena a ku East Bank. Mudzathera masiku pagombe kudikira bwato. Za thonje zimaoneka bwino nthawi yamsika mvula itatha, ndipo mu Okutobala, dzuwa la ku Ngabu likamaswa mtengo, palibe amene angakhale nanu maola awiri masana. Pa bajeti siyani mpata. Amene analemba ndalama zake mu Okutobala 2023 anadzuka mu Novembala kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mafuta ndi zonse zitakwera.

Za supavaiza musazisiye kumapeto. Kaya ndi ku MUBAS ku Blantyre kapena kunja, yang'anani aphunzitsi a m'dipatimentiyo, werengani mapepala awiri a amene ntchito yake ikuyandikira funso lanu, ndipo mulembereni kalata yaifupi yokhala ndi funso lanu ndi chifukwa chomwe mwasankhira iyeyo. Pulopozo yabwino imatha kukanidwa kokha chifukwa pasukulupo palibe woti aiyang'anire. Ndipo chonde, musagule pulopozo kwa anthu olembera anzawo, kapena kukopera ya wina. Kupatula kuti masukulu amaiyeza pa Turnitin, pulogalamu yogwira zolemba zokopera, ambiri amakuitanani kuti mucheze nawo, ndipo funso lachiwiri lokha limaulula ngati ntchitoyo inatuluka m'mutu mwanu.

Pa mawu 2,000 aja, ine ndikanagawa motere: pafupifupi 300 ofotokoza vuto ndi funso, 600 a zomwe ena analemba ndi mpata womwe mwaupeza, 700 a njira yofufuzira, otsalawo a phindu la kafukufukuyu ndi ndondomeko ya nthawi. Mutu weniweni wa pamwamba mudzaulembe pomaliza.

Sabata ino musatsegule kompyuta kuti muyambe mawu oyamba. Lembani funso lanu m'chiganizo chimodzi, m'Chichewa, kenako mukamuwerengere mlimi kapena wabizinesi wa pamsika wa Nchalo. Akangoti "eya", n'kuyamba kukufotokozerani zomwe zinamuchitikira iyeyo, mwaligwira. Mukatero mulilembe pansi pano Loweruka, ndidzaliona, ndipo tidzayambire pamenepo kusankha mapepala oti muwerenge.